Matumba Atatu Pansi pa Bedi

Tsiku limene Janeth anayamba kukhala yekha osagwa, agogo ake, a Esnath, sanasekere nawo. Amake mwanayo, Tryness, ankawomba m'manja, amayi a nyumba yoyandikana anabwera kudzaona, koma a Esnath anangoima pakhomo ndi beseni la madzi, maso ali pa dothi limene mwanayo anakhalapo. Wakhala lero, posachedwa akwawa. Ndipo mwana wokwawa dzanja lake lili ndi njira imodzi yokha: pansi, m'kamwa, pansi, m'kamwa. Anaziona kale zimenezi ndi Sailas, mdzukulu wawo woyamba, ndipo Sailas anali kumanda.

Nyumba yawo inali m'mphepete mwa Kasanda, kumene nyumba za mgodi zimathera n'kuyamba za anthu odzimangira okha. Ya mgodi ija, ya pansi posalala popaka polishi wofiira, anatulukamo mwezi womwewo umene amuna awo, a Zephaniah Tembo, anamwalira. Nyumba ya kampani imatsata wantchito, siidziwa mkazi wamasiye. Tsono mwana wawo Robson, amene ankagwira ntchito yolumikiza mabogi kunjanji, anaumba zidina, naimika zipinda ziwiri, nafolera ndi migolo yophwanya. Pansi panatsala dothi. Komatu silinali dothi lija la kwawo ku Petauke, loti mayi wapakati angabenthule pachulu n'kumatafuna. Kuseri kwa nyumba kunali mulu wakuda wa zotaya za mgodi, wautali ngati phiri, wosamera ndi kaudzu komwe, ndipo mphepo ikaomba fumbi lake linkalowa m'mphika, m'tsitsi, m'mano.

Sailas anayamba ndi m'mimba. Kenako anasiya kudya, kenako kukomoka maso atatembenuka. Atamwalira, nesi wina wonenepa wa kuchipatala, mayi wa Chibemba, anakokera a Esnath pambali.

"Ni mtovu, mayo. Uli mu dothi, uli mu fumbi, ana amadya. Muziwaza madzi pansi kuti fumbi isauluke. Mukakwanitsa, ikani simenti."

A Esnath sanapiteko kusukulu ndi tsiku limodzi lomwe, koma mawu akawalowa sankatuluka. Anatolapo awiri: madzi ndi simenti. Madzi ankatunga okha pampopi wa kumsika. Simenti ndiyo inali nkhani.

Zinali zaka zija za Chipani chimodzi, pamene munthu ukaona mzere unkayamba waima kaye, n'kufunsa pambuyo kuti akugulitsa chiyani. Sopo pamzere, mafuta ophikira a saladi pamzere, shuga pamzere. Koma simenti masiku ambiri inalibe ndi mzere womwe, chifukwa panalibe choimira. Kawiri pamlungu a Esnath ankayenda wapansi mpaka kutauni, kusitolo ya zomangira, ndipo mlonda wa pakhomo anafika powadziwa. Asanatsegule ndi pakamwa pomwe, iye ankangogwedeza mutu: "Tapali, mayo." Palibe. Anabwerera ndi liwu limenelo kambirimbiri mpaka linayamba kuwalira m'makutu akamasenda nyemba.

"Nanga simenti inapita kuti dziko lonse?" a Esnath anamufunsa Robson tsiku lina, atabwera kuntchito ali mbuu.

"Amai, madalaiva akamba ati kufakitale ng'anjo imodzi yowotchera miyala inafa. Chitsulo chake chichokera kutsidya kwa nyanja, manje njira ya kumwera ni yotseka. Yang'ono yamene apanga ipita ku madamu, ku masukulu, ina kunja. Ise a pansi pa dothi tili kumapeto kwa laini."

"Nanga mabogi aja umalumikiza?"

"Nimalumikiza. Nimaona matumba pansi pa matenti, na fungo nimamva. Angopita."

"Usakhudzeko. Wamva, Robson? Ngakhale kotayikira pansi usatole. Akakumanga ife tidzayang'ana ndani?"

"Namva, amai."

"Umati wamva. Atate wako nawonso ankati amva."

Mwezi wa Ogasiti, mphepo ili pachimake, Robson anafika masana akukankha wilibala yobwereka. Pamwamba panali masaka a makala, monga amake anamulangizira kalekale kuti tsikulo likadzafika adzachite. Pansi pa makalawo panali matumba atatu. Kusitolo inafika lole imodzi yokha, ndipo analamula kuti munthu mmodzi atatu basi. Robson anaima kuyambira m'mamawa, malaya atang'ambika paphewa ndi kukankhana. A Esnath anatseka chitseko, nagwada, naika chikhatho pa thumba limodzi. Linali lofunda ngati mimba ya mbuzi.

Mawa lake anaitana a Gershom Mwanza, mmisiri womanga amene analinso mkulu wa mpingo kutchalitchi kwawo ku Katondo, munthu wa kwawo komwe. A Gershom anayeza chipinda ndi mapazi, uku akung'ung'udza nyimbo, naima pakati.

"Amake Robson, pano pafunika mapoketi sikisi, ndipo ndikunena mopyapyala. Muli ndi atatu."

"Ena abwera."

"Abwera liti? Mwaiona fakitale inu? Tiyeni tiike theka mawa. Kumene mwana amagona ndi kusewera. Theka linalo tidzamaliza akadzabwera enawo."

"Awe," anatero a Esnath. "Mukayamba kukanda simenti panja apo, Kasanda yonse idzadziwa. Mawa mbala zibwera kufuna yotsala. Mkuja anyamata a Chipani abwera ati tibisa katundu. Nanga aja a maso oipa? Mkazi wamasiye aika simenti, a nyumba za malata akalibe! Tikaika, tiike kamodzi, tsiku limodzi, chitseko chotseka."

"Mumaopa zambiri, mayi."

"Nili moyo chifukwa choopa."

A Gershom anaseka, natembenukira kwa Robson. "Atate ako ankati amako amayang'ana m'nsapato asanavale, ndipo akavala amavulanso kuti aonenso."

"Munapezekamo chinkhanira kamodzi," anatero a Esnath osaseka.

"Chabwino. Koma imvani ichi, nonse. Simenti siikonda pansi. Muike pa matabwa, pouma, isagunde khoma. Mwamva?"

Anamva. Koma Robson atapita kuntchito ya masiku atatu kumpoto, a Esnath anayesa matabwa aja, ndipo matumba anatukuka mpaka kuonekera kunsi kwa bulangete. Aliyense wolowa kudzapempha mchere akanawaona. Amake Dainess a nyumba yoyandikana sankagogoda, ndipo maso awo ankalowa m'nyumba thupi lisanalowe.

Ndiye a Esnath anakumbuka kwawo. Ku Petauke mbatata siziola chaka chonse, ndipo mbala siziziona, chifukwa zimagona m'nkhuti: umakumba dzenje, umawaza phulusa, umayala mbatata, phulusa linanso, n'kukwirira. Anasungapo mbatata choncho zaka makumi awiri osataya ndi dengu limodzi. A Gershom amadziwa kumanga, ee, koma kusunga chinthu ndi ntchito ya amayi.

"Amake Janeth, bweretsani khasu. Tisunthe bedi."

Tryness anaima ndi mwana kumsana. "Amai, a Mwanza sanakambe ati pa matabwa?"

"A Mwanza agona ku Katondo. Mbala ikabwera, ibwera kwa a Mwanza?"

"Awe, amai."

"Phulusa niouma. Kulibe chouma kupambana phulusa. Ndipo musauze amuna anu, pakamwa pawo m'potayirira akamwa tiyi na anzawo."

Tryness anali mtengwa, ndipo anali atataya kale mwana mmodzi m'nyumba imeneyi. Anatenga khasu. Anakumba dzenje lofika m'mawondo pansi pa bedi la apongozi ake, nawaza phulusa la m'mbaula, nagoneka matumba atatuwo ngati ana, nawaza phulusa lina, nakwirira. A Esnath anazira pamwamba ndi dothi lonyowa mpaka panafanana ndi pena paliponse. Robson atabwera anafunsa kamodzi kokha. "Nasunga," anatero amake. Iye anali wotopa, anavula majombo n'kugona.

Kuyambira pamenepo masiku anangofanana. M'mawa madzi, masana madzi, dzuwa likapendeka madzi. A Esnath ankanyamula beseni, naviika dzanja, nawaza pansi monse mpaka fungo la dothi lonyowa litadzaza nyumba. Ndipo pamene ankawaza kwambiri ndi pozungulira bedi lawo, chifukwa masana Janeth ankagona pamenepo, ndipo mphuno ya mwana wogona imakoka chilichonse. Madzi osambitsira mwana sankataya panja, ankathira pomwepo kunsi kwa bedi kuti fumbi la kumeneko, losafikako tsache, lisadzuke. Msana unkawawawa, mapewa ankalira ndi ndowa za kumpopi, koma mantha akawagwira ankagona pabedipo n'kudziuza kuti pansi pawo pali theka la moyo wa mwana, ndipo palibe akudziwa.

Machenjezo ndiye sankatha. Osaika mwana pansi. Osamupatsa supuni yagwa. Osayanika matewera mphepo ikuchokera kumulu. Tryness ankabereka Janeth kuyambira m'mawa mpaka mapewa atachita dzanzi, akatopa ankalandira a Esnath, ndipo mwanayo ankalira, kukankha ndi timiyendo, kufuna pansi monga mwana aliyense.

Seputembala anapita. Okutobala anapita ndi kutentha kwake. Kusitolo mlonda uja anasiya ndi kuyankha komwe, ankangotambasula manja. Kunamveka kuti chitsulo chija chafika, kenako kunamveka kuti chafika cholakwika. Mvula yoyamba inagwa, yachiwiri inalowa pansi pa chitseko.

Tsiku lina Loweruka, Tryness anamuika Janeth pamphasa kuti apumitse msana, natembenuka kukaphula mphika. A Esnath anali kubwera ndi ndowa. Atafika pakhomo anaona mphasa ili yokha. Mwana anali pakona, mikono iwiri kuchokera pamphasapo, atagwada ndi manja ndi mawondo, akuseka, ndipo kukamwa kwake kunali kwakuda.

Ndowa inagwa. Anamunyamula, nalowetsa chala m'kamwa, nakokolola, natsuka, nakokololanso mpaka mwana analira mosweka mawu. Tryness anatsamira khoma.

"Ninangotembenuka chabe, amai. Ninangotembenuka."

A Esnath sanamukalipire. Anakhala pansi, mwana ali pachifuwa. Kenako anati, "Robson akabwera apite ku Katondo. Auze a Mwanza kuti theka lija nalola."

A Gershom anafika Lolemba m'mawa panjinga, fosholo atamanga kumbuyo. Robson anali atatuta kale mchenga. Anthu oyandikana nawo ankasuzumira, ndipo a Esnath anawasiya asuzumire.

"Mapoketi ali kuti?" anafunsa a Gershom.

"Sunthani bedi."

Anasuntha. A Gershom anayang'ana dothi lozira bwinolo, lakuda ndi chinyontho, nayang'ana a Esnath. Robson anatenga khasu. Anakumba kawiri, kachitatu khasu linalira ngati lagunda mwala.

"Pang'onopang'ono, ungang'ambe thumba," anatero amake.

Robson anagwada, nafukula ndi manja. Phulusa lija linali phala. Pepala la thumba linamatirira ku zala zake n'kusupuka ngati khungu la mbatata yophika, ndipo pansi pake panali chinthu chotuwa, chosalala, chokhala ndi makwinya onse a thumba, ndi mphako pamene linatsamirana ndi linzake. Anagogoda ndi nkhonya. Amuna awiriwo anachita kuthandizana kuti atulutse limodzi, ndipo ataliponya pakhomo silinafumbuke ndi pang'ono pomwe.

"Amai," anatero Robson. Anaima, manja ali lendee. "Amai, ninaima pa laini kuchokera m'mamawa. Ananiponda. Miyezi inayi mugona pamwamba pa miyala?"

"Ninathira phulusa."

"Phulusa!"

"Robson," anatero a Gershom motsitsa. "Ndi amako."

Robson anatuluka, nakaima kuseri kwa nyumba, kuyang'ana mulu wakuda uja.

"Madzi aja mumawaza," anatero a Gershom, "amapita kuti, mayi? Amatsika. Simenti imangodikira madzi. Ikamwa kamodzi, yamaliza ntchito yake, kaya ili pakhoma kaya ili m'thumba."

"Ananiuza a nesi kuti niziwaza."

"Anakuuzani zoona."

A Esnath sanalire. Anatuluka, nagubuduza mtondo wawo mpaka pakhomo, napempha nyundo ya a Gershom, nabenthula chidutswa, nachiponya mumtondo. Chinthu chimene chinali ufa chingathe kukhalanso ufa; chimanga chouma gwa anachisandutsa ufa moyo wawo wonse. Anasinja. Munsi unkadumpha n'kuwabwezera ululu m'mapewa. Tryness anabwera ndi munsi wachiwiri, mwana ali kumsana, ndipo anasinja molandizana, osayimba. Anasefa ndi sefa ya ufa, ndipo munatuluka fumbi lotuwa lodzaza mbale.

"Si iyi simenti?" anatero a Esnath, akupuma mwabefu.

A Gershom akanatha kuwauza pomwepo. Koma anatenga mbale ija, nathira timadzi, naumba kampira ngati ka nshima, nakaika padzuwa pamwamba pa chidina. "Tione mawa," anatero. Kenako anatenga nyundo, nagwada pa thumba loyamba, nalimenya pakati mpaka linang'aluka. Mwala wokhawokha. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu, limene linagona pamwamba pa anzake, litasweka munatuluka kautsi. M'kati mwenimweni, ngati mnofu wa dzungu, munali ufa umene madzi anali asanaupeze.

"Bweretsani beseni louma. Louma, mayi, osati lanu lija."

Anakokolola ndi supuni, ndi zala, osataya ndi kambewu komwe. Ataithira m'ndowa youma, inakwana ndowa imodzi yosadzaza.

M'mawa mwake a Gershom anatola kampira kaja, napatsa a Esnath. Anakafinya, ndipo kanafumbuka m'manja mwawo ngati chigumu chouma. Anapukuta dzanja pachitenje, nabweza mtondo kumalo kwake.

"Nanga iyi ya m'ndowa ikwana pati?"

A Gershom anatenga mphasa ya mwana, naiyala pakona pamene makoma awiri amakumana, najambula m'mbali mwake ndi msomali. "Apa. Osapitirira."

Robson anabwera yekha osaitanidwa, nakanda simenti ndi mchenga pachidutswa cha lata, osayang'ana amake. A Gershom anayala, nasalaza, nabwerezanso kusalaza ngati akumanga nyumba ya bwanamkubwa. Amake Dainess anaima pakhomo manja m'chiuno.

"Iyayi, ambuya, ndiye mwamanga! Tibwere liti kudzavina pa fulo?"

"Mubwere na mwendo umodzi," anayankha a Gershom. "Iwiri siikwana."

Atamaliza anasamba m'manja. "Tsopano, amake Robson, imvani zodabwitsa. Masiku asanu ndi awiri muziithira madzi m'mawa ndi madzulo, isaume msanga. Pano pokha ndiye thirani mmene mungafunire."

A Esnath anawayang'ana nthawi yaitali kuti aone ngati akuwaseka. Sankawaseka.

Anathira masiku asanu ndi awiri. Tsiku lachisanu ndi chitatu anapukuta ndi nsanza yoyera, natenga zibenthu zikuluzikulu za matumba aja, nazitsuka, naziika mondondozana mbali imodzi ngati kampanda. Makoma anatseka mbali ziwiri. Mbali yachinayi inalibe chotsekera, ndiye anakhalapo okha, miyendo atatambasula. Tryness anamasula mwana kumsana, namuika pakati, nawongola msana wake koyamba m'miyezi yambiri.

Janeth anamenya simenti ndi chikhatho, nadabwa kuzizira kwake, nanyambita dzanja. A Esnath anagwira kadzanjako, nakatembenuza, nakayang'anitsitsa. Kanali koyera. Mwanayo anakwawa kukagunda khoma, nabwerera, nakagunda miyala ija, nabwerera, kenako analunjika pa miyendo ya agogo ake n'kuyamba kukwera kuti adutse. Anamubweza pakati. Anabweranso. Anamubwezanso.

Robson anaima pakhomo atavala majombo. "Akamba ati mwezi wa mawa kungabwere lole ina."

"Upite m'mamawa," anatero amake, maso ali pa mwana. "Utenge malaya akale, angakung'ambirenso. Ndipo ukabwera nayo simentiyo upite nayo kwa a Mwanza, osati kuno."

Robson anavomera ndi mutu napita. Kunja mphepo inayamba kutembenukira kuchokera kumulu. Beseni linali pakhomo, patali ndi dzanja lawo, ndipo sakanatha kudzuka.

"Amake Janeth," anaitana. "Wazani madzi. Ine nili pano."